Chepetsani mtunda, osati liwiro

Ndi zoona kuti masabata atatu omaliza marathon (mpikisano wothamanga 42.195 km) isanafike munthu azichepetsa kuthamanga, koma ena akamva choncho amangoti basi nthawi yogona yakwana, ayi ndithu. Chomwe mukuchepetsa ndi mtunda, liwiro lisatayike. Long run (kuthamanga mtunda wautali pokonzekera) yomaliza ya 30 kapena 32 km ichitike kukatsala masabata atatu, kenako mudule pang'ono, sabata inayo mufike mwina theka la zomwe munkathamanga, komabe kawiri pa sabata muziponyamo ma kilomita angapo pa liwiro lomwe mukufuna kudzathamangira tsikulo kuti miyendo isaiwale.

Vuto lalikulu ndi mantha abale. Munthu wangochepetsa nde thupi likulemera, bondo lomwe silinavutepo layamba kumveka, mtima ukuti sindinakonzeke, basi Lachinayi m'mamawa mukumupeza pamsewu akukoka 25 km kuti atsimikize, pomwe mpikisano uli Lamlungu. Mphamvu za 42.195 km sizibwera m'masiku 10 omaliza, apa minofu ikungofuna kuchira ndi kusunga glycogen (shuga wosungidwa m'minofu wopatsa mphamvu), mukaitha pano mudzaima pa 32 km miyendo itauma ngati nkhuni.

Masiku awiri atatu omaliza onjezerani nsima, mpunga, mbatata, muzimwa madzi bwino, koma nyemba ndi kabichi usiku womaliza zisiyeni, mimba ingakuvuteni m'njira. Nsapato zatsopano chonde ayi, valani zomwe mwazolowera ndi masokosi omwewo, matuza akatuluka pa 15 km mulibenso chochita. Vaseline m'khwapa ndi m'ntchafu musaiwale.