Chenjezo kwa inu mukusandutsa nyanja dzala pano pa Senga Bay

Ana inu, ndi akuluakulu anzanga omwe, tcherani khutu. Foniyi ndabwereka ya mdzukulu koma mawuwa ndi anga, ndipo amene amve kuwawa akumbukire kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Pali mtsikana wina pano, wangolemba kumene mayeso a Folomu 4, amene Loweruka lililonse m'mamawa amatsikira kudoko ndi matumba awiri a feteleza. Dzina sinditchula, mukumudziwa nonse. Amayambira pamene amayi amatsukira mbale, n'kulowera kumathandala a usipa, akutola majumbo, mabotolo a zakumwa, zigamba za maukonde, ndi matewera a ana aja mumati mapampasi. Dzuwa likamafika paliwombo matumba onse tho, akakhuthula kudzenje lomwe anakumba yekha kuseri kwa nyumba ya mayi ake. Sabata yathayi ndinamuona akutsimphina, chala chakuphazi atachimanga kansanza. Anaponda botolo losweka lokwiririka mumchenga. Koma anabwerabe.

Tsono chandilembetsa ndi ichi. Ndili pansi pa mtengo kusoka ukonde, anyamata anayi atakhala pabwato anamaliza chakumwa chawo, mmodzi n'kukuwa kuti, "Achemwali a khonsolo, mwaiwala ili!" Botolo lija phava m'madzi, onse kuseka chikhakhali. Mwanayo sanayankhe. Anapinda chitenje, n'kulowa m'madzi mpaka m'maondo kukalitenga. Ine manyazi anandigwira ngati ndaponya ndine, chifukwa awiri mwa anyamatawo ndinawanyamulapo ali makanda. Ena mukufalitsa zoti mwanayu amalandira ndalama za mabungwe, ena mukuti mutu sukuyenda bwino. Palibe amamupatsa ngakhale K100. Kodi wamisala ndani, wotola nyansi kapena wozithira m'madzi omwe madzulo atunge n'kuphikira nsima?

Mumati nyanja ndi yaikulu, imameza zonse. Ndapalasa bwato zaka zambiri ine, ndikuuzeni: nyanja simeza, imasunga. Mitsinje yothira muno ndi yambirimbiri koma wotulutsa madzi ndi Shire yekha, uko ku Mangochi. Jumbo yomwe mwataya lero siola ngati tsamba la nthochi. Imangozungulira momwemo, mwera ukawomba n'kukubwezerani pagombe pomwe ana anu amasambira. Funsani okoka makoka zomwe akuvuula masiku ano. Ndipo zigamba za maukonde opyapyala aja zikatsala pansi pamadzi zimapitiriza kukola nsomba popanda mwini, n'kuwolera momwemo. Kenako mubwere mudandaule kuti chambo chasowa.

Musandiuze za Linthipe. Ndikudziwa kuti mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, ndipo mvula yoyamba ikagwa nyansi za mumzinda zimatsikira kuno kwathu. Zimenezo n'zoona, ndipo a kumtundako ali ndi mlandu wawo. Nanga thewera ndinaliona dzana likuyandama pafupi ndi pomwe mayi wina amatsuka usipa, linachokeranso ku Lilongwe? Linali lanu, lapano pomwe. Mwaiwala msanga kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, maboma a m'mbali mwa nyanja akulira maliro motsatizana. Matendawa amayenda ndi chimbudzi cha munthu chikalowa m'madzi akumwa, ndipo thewera la mwana ndi chimbudzi chokulunga, basi. Inunso amuna osiya chimbudzi n'kukadzithandiza m'bango usiku, musayang'ane kumbali, ndikunena inu.

Chaka chatha ndinapha mbuzi yanga yomwe inkangowonda pamene inkadya bwinobwino. Titang'amba chifu tinapeza chimpira cha majumbo opotana, cholimba ngati chingwe cha nangula. Amayi akunyumba anakana kudya zam'kati tsiku limenelo.

Malamulo alipo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikuloni 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki), m'chaka cha 2015, ndipo mu 2019 khothi lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chigwire ntchito. Pitani pa Kamuzu Road lero, gulani tomato wa pamulu, muone chomwe akuikireni. Mu Novembala 2020 a Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, anakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Tinasesa masiku oyamba, ena kungogwira tsache kuti ajambulidwe n'kuika pa Facebook, kenako ziii.

Komatu kumvera timatha tikafuna. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira m'boma lathu lomwe lino la Salima, usodzi amatseka nyengo yamvula ndipo palibe amaponya ukonde. Mowa, chamba ndi juga sizifika pamenepo. Msodzi yemweyo amene ku Mbenji amayenda mwaulemu ngati mkamwini, akafika pano amataya botolo la oilo wa injini m'madzi. Ndiye vuto si kusadziwa ayi, ndi mwano.

Ife achikulire sitili oyera. Kale tinkataya zinthu m'madzi momwemu, kungoti zathu zinali makoko, madengu othyoka ndi masamba, zinkaola. Chizolowezicho tinakusiyirani ndife, pulasitiki n'kuchipeza. Pamenepo ndavomera. N'chifukwa chake sindingakhale chete mwana wa eni akutola yekha zomwe mudzi wonse wataya.

Tsono imvani. Kuyambira Loweruka likubwerali ndizikhala pansi pa mtengo womwe uja, ndipo maso anga akuonabe patali. Amene ndimuone akuponya botolo kapena thewera m'madzi sindikangana naye. Ndipita kwa makolo ake, ngati ali wamkulu ndikamutula kwa amfumu ndi kukomiti ya pagombe, a BVC, akafotokoze yekha pabwalo. Inu ogulitsa chipisi ndi zakumwa, aliyense aike thumba pambali pa benchi yake. Alendo obwera ndi magalimoto kudzasamba, mabotolo anu bwererani nawo. Ndipo amene ali ndi magambutsi osagwiritsa ntchito, a saizi yaing'ono, ndi magolovesi, abwere nawo kudoko isanakwane 6 koloko. Chala cha mwanayo sichinapole.