Ku BC sadini ndi mlandu, koma chingwe cha mafiti 12 palibe wochiletsa

Pa malamulo onse a usodzi amene amasiyana pakati pa chigawo cha Washington ku America ndi chigawo cha British Columbia (BC) ku Canada, limene likundiwawa nyengo ino ndi la nyambo. Mukangowoloka malire pa Sumas mu Okutobala kulowera ku mtsinje wa Vedder, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto, sadini amene munamugoneka mumchere usiku wonse wasanduka mlandu. Ku BC nyama ya nsomba, kaya yamoyo kaya yakufa, siloledwa kukhala nyambo m'mitsinje. Pa za m'thupi la nsomba, chololedwa ndi mazira okha. Osodza nsomba zikuluzikulu za sturgeon kumunsi kwa mtsinje wa Fraser anawapatulira pawo, koma ife a salmon anatiiwala. Ndiye kuti kachidutswa ka sadini, ka herring, ngakhale kamimba ka tuna kamene a ku Washington amapachika pansi pa mazira, zonsezo zitsale kunyumba.

Amene sanaonepo salmon wamkulu wa mtundu wa chinook akumenya Kwikfish, nyambo yapulasitiki yovina m'madzi, yokulungidwa ndi sadini sangamvetse chimene tikulirira, ndiye ndifotokoze. Pa mitsinje ya Humptulips ndi Chehalis ku Washington, mvula yoyamba ikagwa madzi n'kuyamba kutsika, osodza pa boti amatenga Kwikfish ya saizi K15 kapena K16, ena nyambo yofanana nayo ya Mag Lip 5.0. Mumasenga mnofu wa mbali imodzi ya sadini, n'kudula kachidutswa ka inchi imodzi m'lifupi, mainchesi awiri kapena awiri ndi theka m'litali. Mumakang'amba pakati mpaka theka kuti kalowe mozungulira kamphete ka pamimba pamene pamalendewera mbedza. Khungu ligone pa pulasitiki, mnofu uyang'ane kunja. Kenako mumamanga ndi ulusi wotanuka, kuzunguliza kokwana 30 kapena kuposa, n'kumaliza ndi mfundo ziwiri zitatu. Mchere uja ntchito yake ndi kulimbitsa mnofu. Sadini wosathira mchere amanyenyeka musanamalize n'komwe dziwe loyamba.

Zolakwika zimakhala ziwiri nthawi zambiri. Choyamba, kachidutswa kakapendekera mbali imodzi, nyambo imathamangira kumbali m'malo momira, mwina n'kutembenuzika kumene. Musanaitaye kutali, iviikeni pambali pa boti muone mmene ikugwedezera. Ikamathawira kumanzere, potozani pang'ono kamphete komangapo chingwe kulozera kumanja, pang'ono zedi, muyesenso. Chachiwiri ndi ulesi: fungo limatha. Pakadutsa mphindi 45 kapena ola, masulani mukulunge wina. Mukatero tayani chingwe mafiti 40 mpaka 60 kumunsi kwa boti, wopalasa azibweza boti pang'onopang'ono kuti nyambo izitsika dziwe ikuvina pamphuno pa nsomba. Padziwe lakuya mumawonjezera mtovu pa kachingwe ka mainchesi 12 mpaka 18, ndipo chingwe chakumapeto chikhale mafiti anayi kapena asanu, cholimba mapaundi 40. Ndodo ikagwedera koyamba, manja m'thumba. Chinook amayamba waluma, n'kutafuna, kenako n'kutembenuka. Dikirani ndodo iwerame mpaka chingwe chiyambe kutuluka chokha. Wokoka msanga amangoisolola m'kamwa.

Taonani bwino apa: nsomba imeneyi yaluma yokha. Yaona, yanunkhiza, yapsa mtima, yaluma. Ndipo chifukwa nyamboyo ndi yaikulu, kawirikawiri mbedza imakola m'mbali mwa kamwa, osati kummero. Njira imeneyi ndiyo BC yaidula mwendo. Kwikfish yopanda sadini ndi yololedwa, inde, ndipo imagwirako, koma m'madzi obiriwira amene mukuona mafiti awiri okha pansi, kusiyana kwake aliyense wopalasa boti amakudziwa.

Chifukwa cha lamuloli chimamveka tikamanena za nsomba zamoyo. Palibe amene akufuna munthu atsanulire ndowa ya tinsomba tachilendo mumtsinje wa salmon, ndipo matenda nawo amayenda ndi nyambo. Koma sadini wakufa, wogula m'sitolo, wogona mumchere? Pamene mazira, amene nawonso achokera m'mimba mwa nsomba, mukuloledwa kunyamula mpaka kilogalamu imodzi, n'kupitirira apo ngati muli ndi lisiti la kumene mwagula? Abale athu a ku Chilliwack, tauni ya pa Vedder, tatiuzani.

Chimene chimawonjezera mkwiyo ndi zimene zimaloledwa pamtsinje womwewo. Imani pa Vedder Loweruka lililonse chinook atalowa, anthu atandandalika phewa ndi phewa ngati pamzere wa chigayo. Mudzaona ena ali ndi mtovu wozungulira ndi chingwe chakumapeto cha mafiti 10 kapena 12, kumapeto kwake kaubweya kakang'ono kongonamizira. Amaponya mopingasa, mtovu uzidumphadumpha pansi, chingwe chachitalicho chizisesa madzi. Salmon akamapuma amatsegula kamwa n'kutseka. Chingwe chimalowa pakati pa mano, mtovu ukamapitirira chimasololoka mpaka mbedza itakola nsagwada. Amati flossing. Umboni wake sunama: mbedza imakhala kunja kwa kamwa, kumbali yoyang'ana tsidya linalo. Nsombayo sinalume kanthu. Mchitidwewu unakula ndi usodzi wa salmon wa mtundu wa sockeye pa Fraser, kumene madzi ndi amatope ndipo sockeye saluma kawirikawiri, kenako unasefukira m'mitsinje yaing'ono. Kwa zaka zambiri a DFO, nthambi ya boma la Canada yoona za nsomba, akhala akungopempha asodzi kuti asankhe njira zina. Kupempha! Wa sadini amulipiritsa, wosesa kamwa za nsomba akumupempha.

Ndisanamize anthu kuti ku Washington kulibe zimenezi. Pitani pa mtsinje wa Puyallup kapena wa Samish mukaone nokha, manyazi ake ndi omwewo. Komabe kumeneko pali lamulo loletsa kukola nsomba pathupi limene limagwira pa mitsinje yambiri nyengo ino, ndipo linalembedwa ndi manambala: mbedza imodzi ya nsonga imodzi, mpata wake usapitirire magawo atatu mwa anayi a inchi, mtovu usakhale pansi pa nyambo kapenanso kufupi kuposa mainchesi 12 pamwamba pake. Nsomba yokoledwa kumbuyo kwa mutu siyotenga. Mitsinje yambiri amatsekanso usiku. Silithetsa zonse, koma woyang'anira ali ndi choyezera m'manja.

Tsopano pamene BC yatiposa, ndipo yatiposadi. Mumtsinje uliwonse m'chigawo chonsecho, chaka chonse, mbedza ndi imodzi yopanda kaminga kobwerera m'mbuyo. Basi. Simufunika kutsegula buku. Mumachotsa mbedza zitatuzitatu zimene nyambo zimabwera nazo, n'kuikapo imodzi ya nsonga imodzi yotchedwa siwash, kaminga n'kukaphwanya ndi pulayazi mpaka nsalu isakole mukaidutsitsa. Ku Washington zimatengera mtsinje, gawo la mtsinje, ndi mwezi. Pano nyambo ndi yololedwa, mukadutsa mlatho siyololedwa. Buku la malamulo la WDFW, nthambi yoona za nsomba ku Washington, ndi lonenepa, ndipo pamwamba pake pamabwera malamulo adzidzidzi pakati pa nyengo. Mu Okutobala 2022 mvula itachedwa, mitsinje yambiri ya kugombe inatsekedwa chifukwa madzi anaphwa ndipo nsomba zinaunjikana m'maiwe. Kutsekako kunali koyenera, koma amene sanayang'ane pa foni m'mawa umenewo anangowotcha mafuta mpaka ku tauni ya Forks kufupi ndi mitsinjeyo. Muwonjezerepo masiku a maukonde. Kuchokera pa chigamulo cha woweruza Boldt cha 1974, mitundu ya eni dziko imene ili ndi mapangano ndi boma ili ndi ufulu wa theka la nsomba zoyenera kugwidwa, ndipo pa mitsinje ya Hoh, Quillayute ndi Chehalis maukonde awo amalowa pa masiku oikika. Ufulu ndi wawo, palibe chokangana, koma wanzeru amafunsa ndandanda asanasankhe tsiku.

Chinanso, kuletsedwa kwa sadini kunawaphunzitsa a ku BC kusodza ndi choyandama mwaluso loti a kumwera angachite bwino kutengera. Ndodo ya mafiti 10 ndi theka, choyandama cha magalamu 20 mpaka 30, mtovu wautali ngati pensulo wolingana ndi choyandamacho, chingwe chakumapeto cha mainchesi 12 mpaka 18 okha, mbedza 1/0 kapena 2/0. Chinsinsi ndi kuya. Nyambo iziyenda fiti imodzi kapena awiri pamwamba pa miyala, chifukwa salmon amayang'ana kutsogolo ndi kumwamba. Choyandama chikamagwedera kapena kupendekera kumunsi, mtovu ukukhula pansi: fupikitsani. Chikaima chilili n'kumira mwadzidzidzi, imeneyo ndi nsomba ndipo yaluma yokha. Wokhula pansi amakola zipsepse ndi michira, n'kubalalitsa dziwe lonse.

Mazira nawo ali ndi mwambo wake, ndipo uwu ndi umodzi mbali zonse ziwiri. Nsomba yaikazi ikangophedwa, ikhetseni magazi pomwepo podula mopumira mwake. Magazi otsalira m'mitsempha ya thumba la mazira ndiwo amawoletsa nyambo, choncho akankhireni kunja ndi msana wa supuni n'kupukuta ndi pepala, osatsuka ndi madzi a pampopi. Tsegulani thumbalo m'litali, dulani zidutswa, muwaze msakanizo wa magawo atatu a borax, awiri a shuga, limodzi la mchere wopanda ayodini. Asiyeni m'botolo mu fuliji masiku awiri kapena atatu, mukumatembenuza, kuti madzi amene atuluka abwererenso m'mazira. Mukachulutsa mchere amauma gwa, mukachepetsa amasungunuka pa kuponya kwachiwiri. Chinook amafuna chidutswa chachikulu chonyowa, chofiira, chotulutsa mkaka m'madzi. Coho, mtundu wina wa salmon, m'madzi oyera amafuna kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo akakana mazira, jigi (mbedza ya mutu wa mtovu) ya magawo atatu mwa asanu ndi atatu a aunsi yodumphitsa m'madzi odekha pafupi ndi mitengo yogwa imamuutsa.

Za mapepala ndingodutsa, mukuzidziwa. Ku BC mtsinje umodzi uli ndi maboma awiri: kumene kumafika madzi a m'nyanja ndi laisensi ya DFO, kumtunda ndi ya chigawo, ndipo iliyonse ili ndi sitampa yake ya salmon ngati mukufuna kutenga nsomba. Pa Fraser malire ake ndi mlatho wa njanji wa ku Mission. Chinook wamkulu mukamutenga mumamulemba pa laisensi nthawi yomweyo, ndipo pa chaka malire ndi 10. Ku Washington ofesi ndi imodzi, koma salmon aliyense wotengedwa alembedwe pa khadi la nsomba zogwidwa musanaponyenso, ndipo khadilo libwezedwe pofika 30 Epulo ngakhale simunagwire kanthu. Mbali zonse chaka cha laisensi chimayamba pa 1 Epulo.

Pa kachipsepse ka mafuta ka pamsana pafupi ndi mchira, Washington ili patsogolo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 amadula kachipsepseka pa coho ndi chinook pafupifupi onse oswetsedwa ndi anthu, ndiye msodzi amangoyang'ana: palibe, chilonda chinapola, tengani, kalipo, bwezani ngati lamulo la mtsinjewo likutero. Ndipo wobwezedwayo musamutulutse yense m'madzi, ngakhale pofuna chithunzi. Ku BC coho amadulidwa chimodzimodzi, ndipo pa Vedder wotenga ndi wodulidwa yekha, koma chinook ambiri oswetsedwa akhala akutuluka osadulidwa. Mapeto ake mtsinje umatsegulidwa wonse kapena kutsekedwa wonse. Mukagwira wodulidwa kumeneko, mutu wake kausiyeni pamalo olandirira mitu, mwina muli kawaya kosonyeza kumene anaswedwa. Ndipo musasokoneze mitundu, chifukwa chindapusa sichimva zoti kunali mdima. Tsegulani kamwa: chinook nkhama za m'munsi mwa mano ndi zakuda, coho ndi zoyera. Kumchira chinook amakhala ndi timadontho m'mwamba ndi m'munsi, coho m'mwamba mokha.

Ndiye amene mukukwera kumpoto mwezi uno, konzani bokosi musananyamuke. Sadini, herring ndi tuna zitsike. Mbedza zonse zikhale imodzi imodzi, timinga tophwanyidwa. Yang'anani ngati gawo limene mukupitalo lilibe chiletso cha nyambo, chifukwa kumeneko ngakhale mafuta onunkhiritsa amawerengedwa ngati nyambo. Amene muli ndi boti ndipo mtima wanu uli pa chinook woluma Kwikfish, musavutike ndi pasipoti. Dikirani mvula ikweze Humptulips, muone mlingo wa madzi pa intaneti, ndipo mukhale pamadzi tsiku loyamba kapena lachiwiri madziwo atayamba kutsika, matope akuchoka mtsinje ukubiriwira.