Musawauze anthu a ku Mandritsa kuti iwo ndi ndani

Dzulo ndapsa mtima zedi. Tinali pamacheza, bambo wina amene amadzitama kuti anaphunzira ku Ulaya n'kunena kuti mudzi wa Mandritsa uli ku Bulgaria, ndiye anthu ake ndi a Chibulgaria basi, zoti amalankhula Chialubaniya ndi nkhambakamwa. Ananena akuseka. Ine magazi anawira.

Bambo inu, chilankhulo cha munthu sichilembedwa pa chiphaso choyendera. Malire a dziko salowa m'kamwa mwa agogo.

Mandritsa ndi kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje wa Byala Reka, kufupi ndi tauni ya Ivaylovgrad, pafupi penipeni ndi malire a Greece. Mbiri yawo imati kanakhazikitsidwa mu 1636 ndi Aalubaniya achikhristu a mpingo wa Orthodox, oweta ziweto amene ankaperekera mkaka ndi chizi kwa asilikali a ufumu wa Ottoman, umene unkalamulira deralo. Dzina lenilenilo likuchokera ku mawu akuti mandra, malo okonzera za mkaka. Kunyumba ankalankhula Chialubaniya cha mtundu wa Tosk, kutchalitchi ndi kusukulu Chigiriki. Dziko la Bulgaria linawapeza ali pomwepo, pambuyo pa nkhondo za 1912 ndi 1913. Iwo sanasamukire ku Bulgaria ayi. Malire ndiwo anasamukira kwa iwo!

Ndiye inu mukabwere lero, zaka pafupifupi 400 zitadutsa, mudzati lilime lawo ndi bodza? Tchalitchi chawo cha St Nedelya ndi cha mu 1708. Nthawi imeneyo boma la Bulgaria lomwe mukulitchulalo kunalibe. Madzi saiwala khwawa.

Inde, ambiri anathawira ku Greece nkhondo zija zitatha, ena n'kukakhala m'mudzi wa Mandres m'chigawo cha Kilkis, ndipo m'nyumba zawo munalowa othawa kwawo a Chibulgaria. Zimenezo n'zoona. Koma otsalawo sanameze lilime lawo chifukwa anansi asintha. Okalamba ochepa akulankhulabe mpaka pano. Munthu angathe kukhala nzika ya Bulgaria, n'kumapemphera monga Agiriki, koma akamalalatira mdzukulu wake Chialubaniya ndicho chimatuluka. Chovuta kumva n'chiyani pamenepo? Ndani anakupatsani udindo womusankhira chimodzi?

Chimene chimandinyansa n'chakuti anthu otere samafunsa eni ake. Amangotsegula mapu, n'kuloza ndi chala, mlandu watha. Mapu salankhula chilankhulo chilichonse, bambo.

Komanso nkhani ya nyumba zija imandiwawa. Nyumba zazitali za zidina, zina zosanja katatu, zimene ankawetera mbozi zopanga ulusi wa silika, zambiri zikugumuka. Alendo amafika, kujambula zipupa zong'ambika, kuika pa Facebook, n'kukwera galimoto. Zipupa mukuzijambula, koma agogo amene akhala pakhomo paja, amene ali ndi mawu omwe sadzamvekanso akapita, simukuwapatsa ngakhale moni.