Zoti "90 peresenti ya ophunzira athu ali pantchito" musazimeze msanga

Yunivesite ikalengeza kuti mwa omaliza maphunziro 100 aliwonse 90 adapeza ntchito, choyamba kufunsa n'chakuti adafunsidwa ndi angati, nanga adayankha ndi angati. Tiyerekeze kuti chaka china amaliza anthu 200. Onse atumiziridwa mafunso, ayankha 60, ndipo mwa iwowa 54 ali pantchito. Pachikwangwani padzalembedwa 90 peresenti, chikhalirecho omwe tikuwadziwadi kuti akugwira ntchito ndi 27 peresenti basi. Anthu 140 aja palibe akudziwa komwe ali. Ndipo munthu amene watha chaka akuponya makalata osaitanidwa ku intavyu ndi pamodzi pomwe, mtima woyankha mafunso a sukulu yake yakale amakhala alibe.

Nthawi yofunsira nayo imasintha chiwerengero. Ku United Kingdom kale ankafunsa patatha miyezi 6 munthu atamaliza, koma kafukufuku wawo wa Graduate Outcomes, yemwe adayamba ndi omaliza mu 2017/18, amafunsa patatha miyezi 15. Ziwerengero za miyezi 6 ndi za miyezi 15 simungaziike pasikelo imodzi. Komanso mawu akuti ntchito akutanthauza chiyani? Pa muyeso wa ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, wogwira ntchito yolipidwa kwa ola limodzi lokha pa sabata amawerengedwa kuti ali pantchito. Tsono fomu yabwino iyenera kufunsa ngati ntchitoyo ndi yokhazikika, ngati imafunadi digiri, ndiponso ngati ikugwirizana ndi zomwe munthuyo adaphunzira. Opitiriza sukulu awerengedwe paokha.

Maganizo anga ndi akuti ngakhale chiwerengerocho chitakhala choona, chimanena zambiri za momwe chuma chikuyendera komanso za mtundu wa ophunzira amene sukuluyo idasankha pachiyambi, koma za kaphunzitsidwe chimanena zochepa. Wofuna kuyeza kosi aike patebulo zinthu zitatu: silabasi, manotsi omwe ophunzira amalandira, ndi mapepala a mayeso a zaka zingapo zapitazi.

Yambani ndi zolinga za kosiyo. Kawirikawiri zimalembedwa mokoma, kuti pomaliza wophunzira adzatha kusanthula, kuunika ndi kupanga chinthu chatsopano. Kenaka tsegulani pepala la mayeso muwerenge mamalikisi. Mwa 100, ndi angati akupita ku mafunso a "tchulani", "tanthauzirani", "lembani mfundo zisanu"? Akapitirira theka, kosiyo ikuphunzitsa kuloweza, silabasi inene zomwe inganene. Katswiri wa maphunziro Benjamin Bloom ndi anzake adasanja luso la kuganiza m'magawo 6 mu 1956, ndipo kukumbukira kuli pansi penipeni. Katswiri winanso wa maphunziro, John Biggs, mu 1996 adatsindika kuti zolinga, kaphunzitsidwe ndi mayeso ziyenera kuloza kumodzi, chifukwa wophunzira amawerenga zimene akudziwa kuti zibwera pa mayeso. Mafunso omwewo akamabwerera chaka ndi chaka, dziwani kuti anthu adasiya kalekale kuwerenga mabuku, akungoloweza mayankho a mapepala akale.

Zaka za mabuku muzione, koma mwanzeru. Buku la masamu lakalekale likhoza kukhala labwinobwino. La malamulo a misonkho, la mankhwala kapena la mapulogalamu a kompyuta likatha zaka khumi osakonzedwa, limasocheretsa.

Mafomu amene ophunzira amadzaza kumapeto kwa semesita musawadalire kwambiri. Amathandiza kudziwa ngati mphunzitsi amabwera m'kalasi ndi kubweza asayimenti panthawi yake, koma mu 2017 wofufuza Bob Uttl ndi anzake ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana adapeza kuti mamalikisi omwe ophunzira amapatsa mphunzitsi sagwirizana kwenikweni ndi kuchuluka kwa zomwe aphunzira. Wopereka mayeso ofewa angathe kutamandidwa kuposa wophunzitsa mozama.

Olemba ntchito nawo afunsidwe mochenjera. Mukawafunsa ngati akukhutira ndi ophunzira anu, ambiri adzangovomera mwaulemu. Funsani kapitawo amene amayang'anira wolembedwa kumeneyo tsiku ndi tsiku kuti n'chiyani chomwe adayenera kumuphunzitsanso m'miyezi itatu yoyamba. Akati kulemba lipoti la masamba awiri, kapena kusanja ziwerengero mu pulogalamu ya kompyuta ya Excel, bwererani ku silabasi mukafufuze kosi imene idalonjeza lusolo, muone ngati muli asayimenti ngakhale imodzi yomwe wophunzira adachita zimenezo ndi manja ake, nachongeredwa.