Mwana wa jumbo yakuda

Anabwera kwathu ndi jumbo yakuda, ija yotayiramo zinyalala. M'katimo munali mathalauza awiri, malaya atatu, nsapato imodzi yopanda inzake ndi kope la kusukulu lolembedwa masamba anayi okha. Anali ndi zaka 13, ndipo nyumba yathu inali yachisanu kukhalamo chichokereni kwa mayi ake omubereka. Ndinamusonyeza kabati kuti aikemo zovala. Anangoti "chabwino", koma jumbo ija sanakhuthule. Ankatulutsamo chovala chimodzi, akachapa n'kubwezeramo, n'kumanganso kukamwa kwake. Nditamufunsa chifukwa chake, anayankha mosatekeseka, ngati mmene munthu angakuuzire kuti kunja kwacha: "Kuti tsiku lonyamuka ndisavutike."

Dzina lake sinditchula, ndipo inu amene mukumudziwa chonde musalitchule. Chandilembetsa ndi mtsutso umene tinali nawo ndi anzanga pa za ana oleredwa ndi anthu amene si makolo awo. Wina ananena motsimikiza kuti ana ovuta oterewa mathero awo n'kundende basi, "ndi za m'magazi." Ine ndikukana. Zambiri zimene timati za m'magazi timazichita ndife akuluakulu, ndi mtima wabwino ndithu.

Ndiyambe ndi kudziulula. Sabata yachitatu foni ya amuna anga inasowa. Patapita masiku awiri tinamva kuti mnyamatayo anakaigulitsa, ndalama n'kudyera limodzi ndi anyamata ena akuluakulu amene ankamudikirira pamsewu akamaweruka. Anakana mpaka kulumbira, maso ali gwa. Amuna anga anati tipite naye kupolisi. Ine ndinali nditaimbira kale mayi a zachisamaliro cha ana amene anamubweretsa. Ndinati, "Mayi, bwerani mudzatenge mwana wanu, ife zatikanika." Anakhala kaye chete, kenako anati, "Ndibwera mawa. Koma ndikufunseni, akanakhala wobereka nokha, mukanamubweza kwa ndani?"

Usiku umenewo tulo sindinatione. Mwana wanga weniweni anandiberapo ndalama m'chikwama ali wamng'ono. Ndinamukalipira, ndinamulanga, nkhani n'kuthera pomwepo. Za apolisi sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Koma uyu, kulakwa kwa mtundu womwewo, tinali titamukonzera kale njira ziwiri: chitolokosi kapena nyumba yachisanu ndi chimodzi.

Si ife tokha timatero. Mu 2016, bungwe la Prison Reform Trust ku Britain linatulutsa lipoti la kafukufuku amene anatsogolera Lord Laming. Ana osamaliridwa ndi boma, kaya m'mabanja owalera kapena m'nyumba zosungirako ana, sankafika n'komwe mmodzi pa ana 100 alionse, koma pafupifupi theka la ana otsekeredwa chifukwa cha milandu anali oti anadutsa m'chisamaliro chimenechi. Mnzanga wa "magazi" uja akhoza kuombera m'manja pamenepa. Adikire kaye, chifukwa lipoti lomwelo linati ana 94 pa 100 alionse osamaliridwa motere sapalamula mlandu uliwonse. Linasonyezanso kuti m'nyumba zina zosungirako ana apolisi ankaitanidwa pa tinthu timene kholo likanathana nato pakhomo: kuswa chinthu atapsa mtima, kukankhana, kutukwana. Mwana amalowa m'mabuku a apolisi, ndipo akadzalakwanso woweruza amaona munthu wokhala ndi mbiri kale. Mu 2018 boma kumeneko linachita kutulutsa ndondomeko yapadera yochepetsa mchitidwe wosandutsa ana oterewa zigawenga popanda chifukwa chokwanira.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi kusamutsasamutsa. Taganizani. Kusamuka kulikonse ndi sukulu yatsopano, aphunzitsi atsopano, malamulo atsopano. Kunyumba ina amati ukamadya usalankhule, kwina amati bwanji uli duu ngati mlendo. Mnyamata wathuyu, wa zaka 13, ankawerenga modumphadumpha ngati wa zaka 8, chifukwa kusamuka kulikonse kunkamudyera teremu. Aphunzitsi akamuloza kuti awerenge, ankasankha kuyambitsa ndewu kusiyana n'kuti anzake amuseke. Akamuimitsa sukulu masiku angapo, ankakhala kuti? Pamsewu paja, kwa anyamata aja, anthu okhawo amene sankamufunsa kuti awerenge.

Joseph Ryan ndi Mark Testa anafufuza zolembedwa za ana a ku Illinois, ku United States, ndipo mu 2005 anasonyeza kuti anyamata osamutsidwa kangapo ankapezeka ndi milandu kuposa okhazikika pamodzi. Mwina mukuti, ee, nanga si ovutawo ndi amene amathamangitsidwa? N'zoona, mbali ina. Koma kafukufuku wina wa ku San Diego, m'dziko lomwelo, wa mu 2000, anapeza kuti ngakhale ana amene analowa m'chisamaliro alibe vuto la khalidwe anayamba kuvuta atawasuntha kambirimbiri. Mwana amaphunzira msanga kuti palibe chokhalitsa. Ndiye akafika pakhomo latsopano amakuyesa dala, amakankha mpaka apeze pamene uthyokere, kuti ngati n'kumuthamangitsa umuthamangitse asanayambe kukuzolowera. Foni ija inali ndalama, inde, koma linalinso funso. Ndipo ine ndinatsala pang'ono kuyankha mmene nyumba zinayi zija zinayankhira.

Malangizo ndiye sanasowe. Alamu anga anati timutengere kundende akaone yekha mmene anthu amagonera, adzabwerako atawongoka. Zimamveka zanzeru, eti? Anaziyesa kale. M'zaka za m'ma 1970, kundende ya Rahway ku New Jersey, ku United States, akaidi ankaopseza achinyamata obweretsedwa kudzaona, ndipo njirayi, yotchedwa Scared Straight, inafalikira malo ambiri. Anthony Petrosino ndi anzake ataunika pamodzi zotsatira za mayeso 9 a mapulogalamu otere, anapeza kuti achinyamata opita kukaopsezedwa ankapalamula kwambiri kuposa amene sanapite. Mwana amene wakula akumenyedwa ndi kukalipiridwa simungamuuze chachilendo pomuopseza. Mantha ndi kwawo.

Ena anati timupereke kumalo kumene amasunga anyamata ovuta okhaokha, kuli malamulo okhwima. Apa pali nkhani yakale imene aliyense wofuna kuthandiza ana akanayenera kuimva. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ku Cambridge ndi Somerville m'chigawo cha Massachusetts, ku United States komweko, anatenga anyamata oposa 500 n'kuwagawa pawiri. Gulu lina linapatsidwa alangizi, thandizo la maphunziro, chipatala ndi misasa ya pa holide. Linalo sanalichitire kanthu. Patatha zaka pafupifupi 30, Joan McCord anawalondola, ndipo mu 1978 analengeza zimene palibe ankafuna kumva: othandizidwa aja zinawaipira kuposa anzawo, pa milandu, pa uchidakwa, ngakhale pa kufa msanga. Atafufuza mozama, anaona kuti amene anatumizidwa kumisasa ija kangapo ndi amene zinawaipira koposa. Ukasonkhanitsa anyamata ovuta pamodzi, amaphunzitsana. Wina akasimba za kuba, anzake amaseka, ndipo kuseka kumeneko ndi malipiro akulu kuposa uphungu wa ola limodzi. Sindikunena kuti onse ogwira ntchito m'malo otere ndi oipa, ayi, ambiri amadzipereka zedi. Koma amasinthana mashifiti, pomwe anyamata anzake ali naye usana ndi usiku. Mukuganiza kuti amvera ndani?

Mayi a zachisamaliro aja anabweradi m'mawa mwake, koma sanamutenge. Anakhala nafe pansi n'kutifotokozera za njira imene inayambira ku Eugene, m'chigawo cha Oregon, mu 1983, pansi pa Patricia Chamberlain. Lero imatchedwa Treatment Foster Care Oregon. M'malo mounjika achinyamata opalamula pamalo amodzi, amaika mmodzi m'banja limodzi lophunzitsidwa bwino, kwa miyezi 6 mpaka 9. Mwana amapeza mapointi tsiku lililonse pa zinthu wamba: kudzuka nthawi yake, kupita kusukulu, kugwira ntchito yapakhomo, kuyankha mwaulemu. Akalakwa amataya mapointi ochepa, popanda kukuwa, popanda ulaliki. Mapointi akachuluka, ufulu nawo umawonjezeka. Aphunzitsi amasaina kakhadi tsiku lililonse. Uku akuphunzitsanso makolo kapena abale amene mwanayo adzabwererako. Mu 1998 anatulutsa zotsatira za anyamata 79 amene anagawidwa mwamaere, ena m'mabanja otere, ena m'nyumba za gulu. A m'mabanja anathawa kochepa, anamangidwa kochepa, ndipo anakhala masiku ochepa m'malo otsekera. Atafufuza chimene chinabweretsa kusiyanako, anapeza zinthu zosadabwitsa n'komwe: munthu wamkulu wodziwa kumene mwana ali nthawi iliyonse, chilango chosasinthasintha, ubale wabwino ndi wamkulu mmodzi, ndi kumutalikitsa kwa anzake opalamula.

Koma chimene chinandigwira mtima ine si mapointi. Ndi foni. M'njira imeneyi, wolera mwana amaimbiridwa foni pafupifupi tsiku lililonse, mphindi zochepa chabe. Amamuwerengera mndandanda wa makhalidwe: kunama, kutukwana, kumenya, kukana kutumidwa, kuthawa, ndi ena. Iye amangoyankha kuti zachitika kapena sizinachitike m'maola 24 apitawa. Mwa njira yomweyi anapeza kuti olera ambiri amapirira makhalidwe ovuta mpaka 6 pa tsiku, koma akapitirira pamenepo, chiopsezo choti mwana abwezedwa chimakwera. Ndiye amathamangirako nyumba isanapse. Wolerayo alinso ndi nambala yoimba ngakhale pakati pa usiku, ndipo sabata iliyonse amakumana ndi olera anzake.

Apa ndi pamene pagona maganizo anga. Timakonda kufunsa kuti mwanayu timuthandize bwanji, n'kuiwala kuti amene amagwa poyamba ndi womulera. Munthu amapatsidwa mwana amene waona zoopsa, amamuuza mbiri yake mwachidule kapena osamuuza n'komwe, kenako galimoto n'kubwerera. Patatha mwezi watopa, banja likukangana, achibale akumunena kuti anadziputira yekha. Akabweza mwana timati analibe chikondi. Bodza. Chikondi anali nacho, koma mutu umodzi susenza denga. Ine tsiku lija chikondi sichinandithere, chinandithera ndi nzeru.

Pulogalamu yonseyo ife tinalibe, ndipo sindikunamizani kuti zimene tinachita n'zofanana nayo. Tinangobako zimene tikanatha. Ndinagula kope n'kujambula mizere. Ndinapita kwa aphunzitsi ake kukapempha kuti azisaina tsiku lililonse, ndiponso kuti asamamuloze kuwerenga pamaso pa anzake mpaka titamukoka. Amuna anga, omwe aja ankafuna za kupolisi, anayamba kukamutenga akaweruka, ndiye anyamata a pamsewu anatopa n'kudikira. Foni ija anailipira ndi ntchito zapakhomo kwa miyezi itatu, zolembedwa m'kope momwemo, chifukwa kusamupititsa kupolisi sikutanthauza kuti aiwale. Ndipo mnzanga wina, amenenso analerapo mwana wa eni, anavomera kumandiimbira madzulo alionse n'kundifunsa mndandanda uja. Chodabwitsa n'chakuti kuwerenga zolakwazo kumatonthoza. Tsiku limene ndinkaona ngati nyumba yagwa, ndikawerenga ndinkapeza kuti zachitika zinayi, pomwe sabata yapitayo zinkafika 9.

Chovuta kwambiri kwa ine chinali kuyamikira. Munthu wakubera, wakunamiza, ndiye uzimuuza kuti "wachita bwino kutsuka mbale"? Pakamwa pankalemera. Koma mwana amene moyo wake wonse akuluakulu amamuona pokhapokha walakwa, amaphunzira kuti kulakwa ndiyo njira yoonekera. Tsiku loyamba kumuyamikira anandiyang'ana mokayika, ngati ndikumutchera msampha.

Ndisakometse zinthu. Anathawapo kawiri. Anabanso, ulendo uno kusukulu. Chakudya pansi pa pilo tinkachipeza mpaka chaka chinatha, ndipo ndinasiya kumukalipira nditamvetsa kuti kwina kumene anakhalako ankagona ndi njala ngati chilango. Alipo ana ena amene ululu wawo ndi waukulu moti akufunika madokotala a maganizo, ndipo ngati mwana akuika pachiswe moyo wa ana ena m'nyumba, wolera amene wanena kuti sangathe ine sindimuweruza. Ngakhale njira ya ku Oregon ija sinapambane mofanana kulikonse kumene anaiyesa. Chimene ndikukana n'chakuti kubweza mwana kukhale chinthu choyamba kuchiganiza, ndipo kuimbira apolisi kukhale chachiwiri.

Pali phompho linanso limene likundidetsa nkhawa panopa: zaka 18. M'mayiko ambiri chisamaliro chimathera pamenepo, ngati kuti tsiku lobadwa limabwera ndi nyumba ndi ntchito. Mbali ya ubongo yothandiza munthu kudziletsa imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma 25, ndipo ana athu obereka sitiwatulutsa pakhomo tsiku limenelo. Ku United States lamulo la mu 2008 linalola zigawo kupitiriza thandizo mpaka zaka 21, ndipo ku England kuyambira 2014 wachinyamata akhoza kukhalabe ndi banja lomulera mpaka zaka 21. Wathuyu akwanitsa 17 posachedwa. Ayamba kale kufunsa mozungulira, monga "chipinda chino mudzaikamo ndani?" Amuna anga anamuyankha kuti, "Iwe, bola uzisesamo."

Mnzanga wondiimbira madzulo uja amandiimbirabe, ngakhale masiku ano timathera nthawi yambiri pa miseche kuposa pa mndandanda. Dzulo anafunsa kuti zachitika zingati. Ndinati ziwiri: wanama za homuweki, ndipo wamenyetsa chitseko nditamuletsa kutuluka usiku. Atamenyetsa anakhala m'chipindamo mphindi 20, kenako anatuluka kudzafunsa ngati chakudya chapsa.