Zanzibar ya masiku anayi: funsani za madzi musanafunse za chipinda

Abale anga a muno mu Lusaka amene mukusunga ndalama ya kaulendo ka ku Zanzibar, maganizo anga ndi awa. Ambiri mumayamba ndi zithunzi za hotelo: bedi lamaluwa, bafa loyang'ana kunyanja, ndiye mwalipira. Koma ulendo wa masiku atatu kapena anayi umawonongeka ndi zinthu zimene chithunzi sichionetsa, ndipo choyamba ndi madzi enieniwo.

Kum'mawa kwa chilumbachi, ku Paje, Jambiani, Matemwe ndi Kiwengwa, nyanja imaphwa kawiri pa tsiku. Madzi amathawira kutali moti mutha kuyenda mphindi zambiri akukulekezani m'mawondo. Pamene panali madzi obiriwira a pa chithunzi paja pamatsala mchenga wonyowa, miyala yakuthwa ndi mizere ya timitengo pamene amayi amalima udzu wa m'nyanja. M'maenje a miyala mumabisala tinthu takuda taminga ngati kanungu. Mukapondapo opanda nsapato, tsiku lonse lathera pochotsa minga. Nthawi ya kuphwaku imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndipo madzi amathawa kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene. Wokhala masabata awiri sadandaula, amangodikira. Inu a masiku atatu mungapeze kuti masana onse madzi kulibe, n'kumasambira mu dziwe la hotelo ngati muli ku Kabulonga. Ndiye mwakwereranji ndeke?

Ngati cholinga ndi kusambira m'nyanja, pitani kumpoto, ku Kendwa kapena Nungwi. Kumeneko gombe limatsika msanga, madzi sachoka, ndiponso dzuwa limalowera m'nyanja inu muli pa mpando. Kuipa kwake ndi anthu: ogulitsa maulendo a boti amakutsatani pa mchenga, ndipo usiku nyimbo zimamveka. Ofuna bata asankhe kum'mawa, koma ayambe ayang'ana ndandanda ya kuphwa kwa madzi ya masiku awowo pa intaneti. Ndi yaulere.

Za mwezi. Ife timakonda kuthawa pa Isitala chifukwa cha holide, koma mvula yaikulu ya kumeneko, imene amaitcha masika, imagwa kuyambira Marichi mpaka Meyi. Mitengo yotsika imene mumaiona mu Epulo ili ndi chifukwa chake. Holide yathu yoyenera ndi ya Heroes ndi Unity, Lolemba ndi Lachiwiri loyamba la Julaye. Kuphatikiza Loweruka ndi Lamlungu ndi masiku anayi osapempha livi, kuno kukuzizira, uko kuli kouma. Pa 24 Okutobala napo ndi pabwino, kungoti mvula yaing'ono ya Novembala imakhala ili pafupi. Khisimasi ndi Nyuwere ndi nthawi yodula kuposa zonse.

Tikiti ya ndeke musaiyang'ane mtengo wokha. Kuchoka pa Kenneth Kaunda International Airport nthawi zambiri mudzasintha ndeke penapake, ku Dar es Salaam, Nairobi kapena Addis Ababa. Njira ya Dar es Salaam ndiyo yaifupi, chifukwa kuchoka pamenepo ndi mphindi 20 m'mwamba, kapena maola awiri pa boti la Azam Marine, limene siliyenda usiku. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndipo kuchoka pa bwalo la ndeke la ku Zanzibar, Abeid Amani Karume, kukafika ku Nungwi ndi ola limodzi ndi theka pa galimoto. Werengerani bwino. Tikiti yotchipa yofika pakati pa usiku ikutanthauza kuti mwalipira usiku wathunthu wa hotelo yodula, ndi chakudya chamadzulo chomwe, kuti mukangogona tulo. Bola kuwonjezera ndalama pa tikiti yofika masana. Pobwerera, mahotelo ambiri amatulutsa anthu m'chipinda cha m'ma 10 kapena 11 koloko m'mawa, choncho pemphani kutuluka mochedwa pamene mukubukitsa, osati tsiku lonyamuka. Sitima ya TAZARA ndi yokoma, koma isiyeni ya ulendo wina.

Mapepala ndi ochepa. Pasipoti ya Zambia sifuna viza, koma ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 alendo amafunika inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, imene inayamba pa madola 44 munthu wamkulu, ngakhale muli ndi ina yanu. Gulani pa intaneti musananyamuke, musunge QR code mu foni. Khadi yachikasu ya yellow fever itengeni, makamaka ngati mukakhalitsa maola oposa 12 ku Nairobi kapena Addis Ababa. Katemerayu amayamba kuwerengedwa patapita masiku khumi, ndiye wobayitsa dzulo sathandiza.

Mawu akuti "all-inclusive", kutanthauza kuti zonse zili mu mtengo umodzi, amapusitsa ambiri. Lemberani hotelo, akuyankheni molemba: kodi galimoto yokutengani ku bwalo la ndeke ilimo? Zakumwa ziti zilimo, mpaka nthawi yanji? Malo odyera onse kapena amodzi okha? Spa pafupifupi konse ndi yolipira payokha. Palinso msonkho wa boma wa munthu aliyense usiku uliwonse, umene nthawi zambiri mumalipira pa hotelo pomwepo. Kwa ine, ngati simumwa mowa, tengani ya chakudya cham'mawa ndi chamadzulo basi, masana mukadye nsomba ndi ngisi (squid) zowotcha panja.

Kwacha kumeneko simungaisinthe mosavuta. Gulani madola kuno, atsopano, osang'ambika, chifukwa akale amawakana. Mukafika sinthani ena akhale mashilingi a taxi ndi zogula zazing'ono. Uzaninso banki yanu kuti mukutuluka, khadi ingakanidwe pa kauntala.

Chimene ndimatsutsa kwambiri ndi kudzaza pulogalamu. Tauni yakale ya Stone Town, akamba a ku Prison Island, minda ya zonunkhira, kachilumba ka Mnemba, zonse m'masiku atatu, mapeto ake chipinda cha madola mazanamazana mumangochiona usiku. Hotelo imodzi, ulendo wa boti umodzi wam'mawa nyanja isanachite mafunde, zakwana. Stone Town muikeni tsiku lobwerera popeza ili pafupi ndi bwalo la ndeke. Anthu ake ambiri ndi Asilamu, choncho m'tauni phimbani mapewa ndi mawondo. Amayi, chitenge chimodzi m'chikwama chimakwanira, koma musachikulunge m'jumbo ya pulasitiki, chifukwa Tanzania inaletsa majumbo amenewa mu 2019.