Matalala a ku Detroit ndi a ku Windsor sayezedwa ndi ndalama imodzi

Chimene chalekanitsa Detroit ku America ndi Windsor ku Canada ndi mtsinje basi. Mtambo wakuda ukadzuka ku Michigan sufunsa za pasipoti, posakhalitsa wagwera kale ku Ontario. Tsidya lino ndi tsidya lija kuli anthu amene amati kumwamba kukada bii, iwo n'kuyatsa wailesi zawo zolankhulirana. Ndi anthu wamba okhala ndi laisensi ya wailesi, sadya ndi khobidi lomwe, ndipo ntchito yawo n'kuuza a zanyengo zimene akuona ndi maso.

Mwina mufunsa, nanga rada ija? Rada imaona mtambo ndithu, koma poti dziko ndi lozungulira, ikamapenya patali imangoona pamwamba pa mtambowo, pansi osaonapo. Ikhoza kusonyeza kuti mphepo ikuzungulira m'mwamba, koma ngati kavuluvulu wamkulu uja amati tornado wafikadi pansi, wonena ndi munthu waima pamphambano.

Amereka ndiwo anayamba. Matornado a pa 11 April 1965 atapha anthu oposa 250, a ofesi ya boma ya zanyengo (yomwe lero ndi National Weather Service) anaona kuti akufunika maso ambiri, ndipo SKYWARN, pulogalamu yophunzitsa anthu ongodzipereka kupenya nyengo yoopsa, inakhazikika m'ma 1970. Lero ophunzitsidwa akuposa 350,000. Phunziro lake n'laulere, la maola pafupifupi awiri, ndipo alibe tsankho: wozimitsa moto, mlimi, wophunzitsa sukulu, onse amalowa, kaya ali ndi wailesi kaya ndi foni chabe. A zanyengo amawakonda a wailesi chifukwa magetsi ndi netiweki zikathima iwo amalankhulabe ndi batire. Kuyambira 1999 anawapatsa mpaka tsiku lowathokoza, Loweruka loyamba la December.

Canada inadzidzimuka mochedwa. Tornado inakantha Edmonton pa 31 July 1987 n'kupha anthu 27, ndipo chaka chomwecho ofesi ya zanyengo ku Windsor inayitana a wailesi a m'deralo n'kuyambitsa CANWARN, pulogalamu yonga SKYWARN. Kumeneko mwala wa maziko anali a wailesiwo.

Tsono pa kayezedwe ndi pomwe pamandiseketsa. Ku America mvula amaiti yoopsa matalala akafika inchi imodzi (pafupifupi masentimita 2.5), kukula ngati ndalama yawo ya quarter, kapena mphepo ikafika mamailosi 58 (pafupifupi makilomita 93) pa ola. Ku Canada kwa zaka zambiri malire anali masentimita awiri, ngati ndalama ya nickel, ndi makilomita 90 pa ola. Ndiye tala lomwelo la masentimita 2.2 likagwa ku Windsor inkakhala nkhani, likagwa ku Detroit silinkakwana. Munthu amatola tala pakapinga, n'kuliyerekeza ndi ndalama ya m'thumba, kenako n'kutchula dzina lake la pawailesi, malo, nthawi ndi kukula kwake, n'kukhala chete kuti mnzake alowe. Zoti "kuno kwavuta kwambiri" sazifuna.

Mayeso a laisensi nawonso ndi osiyana: Technician ya ku America ili ndi mafunso 35, pomwe Basic ya ku Canada ili ndi 100 ndipo pamafunika kukhoza 70.

Ambiri angathamangire kunena kuti Amereka apambana, ndipo pa kuchuluka kwa anthu sindingatsutse. Amalandira matornado pafupifupi 1,200 pachaka, choncho anaphunzira ndi misozi. Koma ine ndimaona kuti vuto la Canada n'lina, ndipo wailesi payokha singalithetse. Anthu ambiri anadzazana kummwera, pafupi ndi malire, pomwe kumpoto kuli nkhalango zosatha kumene tornado imagwetsa mitengo popanda woiona. Wongodzipereka sanganene zimene sanaone. N'chifukwa chake mu 2017 Western University ya ku London, Ontario, inayambitsa Northern Tornadoes Project, yomwe imalondola mitengo yogwa pa zithunzi za setilaiti ndi ndege, n'kulemba matornado amene anadutsa masabata apitawo popanda aliyense woimba wailesi.